Ndinakhala nawo pa maliro a Chisilamu, kodi ndinakana Yesu?

"Alangizi, ndine mayi wa zaka 41, Mkhristu kuyambira ndili mwana. Mng'ono wanga anakwatiwa ndi Msilamu zaka zitatu zapitazo ndipo naye analowa Chisilamu. Mwezi watha apongozi ake aamuna anamwalira, ine n'kupita kukapepesa. Ndinamanga mpango kumutu monga anandiuzira, ndipo pamene iwo ankapemphera ndinangokhala chete. Nditabwerako, mkulu wina wa mpingo wathu anandiuza kuti ndamangidwa m'goli ndi osakhulupirira, ndiponso kuti kulemekeza chipembedzo chabodza n'kuchivomereza. Kuyambira tsikulo mtima wanga sukukhazikika. Mng'ono wangayu ndimamukonda, koma sindikufuna kuchimwira Mulungu. Kodi Mkhristu angalemekeze chipembedzo chimene sagwirizana nacho? Nanga iwowo amaphunzitsidwa kutilemekeza ifeyo, kapena ulemuwu ndi wa mbali imodzi?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Pa zonse mwalembazi palibe pamene munakana Yesu. Munapita kukalira ndi m'bale wanu, ndipo Aroma 12:15 akamati lirani ndi amene akulira safunsa kaye kuti olirawo amapemphera kuti. Funso lanu limafika kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene chikhulupiriro chawo sachitenga mwachibwana, ndipo muzu wa nkhawayo umakhala umodzi: mawu oti "kulemekeza" tawasenzetsa katundu muwiri. Pali kulemekeza munthu pamodzi ndi chikumbumtima chake, ndiye pali kuvomereza kuti chiphunzitso chake ndi choona. Choyambacho muli nacho ngongole kwa munthu aliyense. Chachiwiricho palibe angakukakamizeni, ndipo mng'ono wanu sanakupempheni.

Mkulu wa mpingoyo tisafulumire kumuweruza, chifukwa chimene akuopa chilipodi. Chikhristu ndi Chisilamu zimasiyana pa nkhani zikuluzikulu. Asilamu amamulemekeza Yesu, amene amamutcha Isa, monga mneneri wobadwa kwa namwali, ndipo sura (mutu) 19 ya Qur'an imatchedwa ndi dzina la mayi ake, Maryam. Koma savomereza kuti iye ndi Mwana wa Mulungu, kapena kuti anafera pamtanda. Kwa inu mtandawo ndiye phata la zonse. Choncho munthu amene amati "zipembedzo zonse n'chimodzimodzi, bola kupemphera" sakulemekeza inuyo, sakulemekezanso Msilamu, chifukwa nonse awiri wakulandani chimene mumachigwiritsitsa. Ulemu weniweni umayamba ndi kuvomereza kuti tasiyanadi.

Pamene mkuluyo waphonya ndi pa vesi la goli lija, 2 Akorinto 6:14. Paulo yemweyo analembera Akorinto omwewo, pa 1 Akorinto 5:9-10, kuti sakutanthauza kuti asiye kuyanjana ndi anthu a kunja kwa mpingo, chifukwa kutero kukanafuna kuti atuluke m'dziko lapansi. Pa 10:27 anawauza kuti wosakhulupirira akakuitanani kukadya ndipo mukufuna kupita, pitani mukadye chimene akuikirani. Malire anawaika pa vesi lotsatira: wina akakuuzani kuti chakudyachi chaperekedwa nsembe, musadye. Goli ndi la ng'ombe ziwiri zokoka ngolo imodzi kulowera kumodzi. Kukhala pamphasa pafupi ndi mng'ono wanu wofedwa si goli.

Pali kachigawo kena ka m'buku la Machitidwe kamene ambiri timakadumpha. Paulo anakhala ku Efeso zaka zoposa ziwiri akulalikira, mpaka osula siliva amene ankapanga tiakachisi ta mulungu wawo wamkazi Artemi anaona kuti malonda akulowa pansi, n'kuyambitsa chipolowe. Khamu linakokera anzake a Paulo awiri, Gayo ndi Aristarko, kubwalo la masewera, n'kufuula pafupifupi maola awiri. Mlembi wa mzinda, munthu wosakhala Mkhristu, atautontholetsa mzindawo ananena kuti anthu mwabwera nawowa sanabe za m'kachisi ndipo sanachitire mwano mulungu wathu (Machitidwe 19:37). Taganizirani zimenezo. Zaka zonsezo za ulaliki wosapsatira, wophunzitsa poyera kuti milungu yopangidwa ndi manja si milungu, koma mkulu wa mzindawo sanapeze mlandu wa chipongwe. Ku Atene nakonso, mtima wa Paulo unawawidwa ataona mafano, koma atatsegula pakamwa anayamba ndi kuvomereza kuti anthuwo ndi opembedza kwambiri, anatchula guwa lawo la Mulungu wosadziwika, n'kugwiranso mawu a alakatuli awo. Ndipo pamene mudzi wina wa Asamariya unakana kulandira Yesu, Yakobo ndi Yohane n'kufuna kuitanitsa moto kumwamba, amene Yesu anawadzudzula ndi ophunzira akewo (Luka 9:51-56). Petro anazimanga pamodzi pa 1 Petro 3:15-16: khalani okonzeka kuyankha za chiyembekezo chanu, koma mofatsa ndi mwaulemu.

Nanga malire ali pati? Ali pakati pa kukhalapo ndi kupembedza nawo. Sadrake, Mesake ndi Abedinego ankagwira ntchito m'boma la Babulo, ankaitanidwa ndi mayina a ku Babulo, ndipo pa tsiku lopatulira fano lagolide anapezekapo. Chimene anakana ndi kuligwadira. Inuyo dzifunseni ngati pakamwa panu panatuluka chivomerezo cha chikhulupiriro chimene simuchikhulupirira, kapena ngati munalowa pamzere wa oswali, ndiwo Asilamu opemphera, n'kumachita monga ndinu mmodzi wa iwo. Mwalemba kuti munakhala chete. Mpango kumutu uli ngati kuvula nsapato pakhomo pa mwini nyumba. Sunena kanthu za amene mumamupembedza. Kumbukiraninso kuti Abrahamu atamwalira, Isake ndi Ismayeli anakumana kumanda n'kumuika limodzi (Genesis 25:9).

Izi si nzeru za alangizi okha. Mpingo wa Katolika, pa msonkhano wake waukulu wa Vatican II, unatulutsa chikalata cha Nostra Aetate pa 28 October 1965, chonena kuti mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera chimene chili m'zipembedzo zina, koma supumulanso kulalikira Khristu. Pa 7 December chaka chomwecho unatulutsa china, Dignitatis Humanae, chonena kuti munthu asakakamizidwe pa nkhani ya chikhulupiriro. Ngati mpingo wanu si wa Katolika, dziwani kuti mu 2011 bungwe la World Council of Churches, la World Evangelical Alliance ndi nthambi ya ku Vatican yoona za kukambirana ndi zipembedzo zina anagwirizana pa chikalata chimodzi cha mmene Mkhristu angachitire umboni pakati pa zipembedzo zosiyanasiyana. Mfundo zake ndi zomwezi: lalikirani, koma musanamizire zipembedzo za ena, musakakamize munthu, ndipo musagule kutembenuka mtima kwa wosauka ndi thandizo.

Tsopano funso lanu lachiwiri, ngati ulemuwu ndi wa mbali imodzi. Ayi, mng'ono wanu ali ndi udindo womwewo, ndipo ukuchokera m'buku lake lomwe. Qur'an 2:256 imati palibe kukakamiza pa chipembedzo. Sura 109 imatha ndi kunena kuti inu muli ndi chipembedzo chanu, ine ndili ndi changa, ndipo muone kuti mawuwa akubwera pambuyo pokana poyera kupembedza chimene enawo akupembedza. Kukana ndi kulolerana zili m'sura imodzi. Pa 6:108 Asilamu amaletsedwa kutukwana zimene ena amapembedza, kuopa kuti nawonso angatukwane Mulungu mosadziwa. Pa 29:46 amauzidwa kuti akamatsutsana ndi anthu a Buku, ndiwo Ayuda ndi Akhristu, azitero mwa njira yabwino koposa. Ndime imene ikukhudza banja lanu kwambiri ndi 31:15, imene imati makolo akakukakamiza kuphatikiza Mulungu ndi zina usawamvere, koma ukhale nawo mwaubwino pa dziko lino. M'mahadisi (nkhani za mawu ndi zochita za Mtumiki Muhammad) osonkhanitsidwa ndi katswiri wachisilamu Bukhari muli nkhani ya Asma, mwana wa Abu Bakr (mnzake wapamtima wa Mtumikiyo), amene mayi ake osakhala Msilamu anabwera kudzamuona. Atafunsa Mtumiki Muhammad, anauzidwa kuti asunge chibale ndi mayi akewo. Mulinso nkhani yoti maliro a Myuda akudutsa Mtumikiyo anaimirira, ndipo atamuuza kuti malemuwo ndi Myuda, anafunsa ngati nawonso sanali munthu. Asilamu amakumbukiranso kuti cha m'ma 615, akuzunzidwa ku Mecca, gulu lawo lina linathawira ku Abyssinia (dera la Ethiopia wa lero), ndipo amene anawasunga anali mfumu yachikhristu.

Kwa Ayuda, rabi Hillel, amene anakhalapo Yesu atatsala pang'ono kuyamba utumiki wake, anauza munthu wa mtundu wina kuti chimene umadana nacho usamchitire mnzako, ndipo Chilamulo chonse ndi chimenecho. Chiyuda chimaphunzitsanso kuti olungama a mitundu ina ali ndi gawo m'dziko likudzalo popanda kukhala Ayuda. Ku India, mfumu Ashoka, amene anatsatira Chibuda zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, anazokotetsa pamiyala lamulo lonena kuti munthu wotama chipembedzo chake ponyoza cha mnzake, poganiza kuti akuchikweza, ndiye akuchivulaza koposa. Mfundo imeneyo ndi yoona mpaka lero. Palibe amene anakopeka ndi mpingo chifukwa choti wa mpingowo wamutukwanira mneneri wake. Ngakhale anthu osakhulupirira Mulungu, ambiri a iwo amaima pa mfundo yoti ganizo lililonse likhoza kufunsidwa, koma munthu woligwira asazunzidwe. Ndime 18 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe chimene United Nations inavomereza pa 10 December 1948 imateteza ufulu wa maganizo, chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo imatchula poyera ufulu wosintha chipembedzo. Ufulu umene mng'ono wanu anagwiritsa ntchito ndi womwewo umene umateteza Msilamu wofuna kukhala Mkhristu.

Ndisakubiseni, zolembedwa ndi zochitika sizimayendera limodzi nthawi zonse. Akhristu anamenya nkhondo za mtanda kuyambira mu 1096, ndipo anaphana okhaokha ku Ulaya kuyambira 1618 mpaka 1648 pa nkhondo imene chipembedzo chinali chimodzi mwa zoiyambitsa. Alipo mayiko lero amene munthu wosiya Chisilamu amalangidwa, alipo malo amene Asilamu ochepa amazunzidwa ndi a zipembedzo zina. Mukadzakumana ndi Msilamu wachipongwe, mudzadziwe kuti akuphwanya buku lake, monga Mkhristu wachipongwe aphwanya lake.

Tibwere pa za tsiku ndi tsiku, pakuti mabanja sapasuka chifukwa cha ziphunzitso zozama. Amapasuka chifukwa cha mphika, nthabwala ndi ana.

Mng'ono wanu ndi alamu anu akabwera kudzacheza, nkhani ya chakudya muikonzeretu. Asilamu sadya nkhumba ndi chilichonse chochokera ku nkhumba, ndi mafuta ake omwe, sadya magazi kapena nyama yofa yokha, ndipo samwa mowa. Nyama ina iyenera kuzingidwa potchula dzina la Mulungu. Qur'an 5:5 imalola chakudya cha anthu a Buku, koma Asilamu amasiyana pa mmene amaitengera ndimeyi, choncho musaganizire nokha. Funsani mng'ono wanu tsiku lisanafike. Njira yosavuta ndi kuphika nsomba, mazira kapena ndiwo zamasamba, kapena kuwapempha alamu anu kuti akuuzeni kogula nyama, ngakhale kuti azinge okha. Mphika ndi chipande zimene zinakhudza nkhumba muzitsuke bwino, kapena mungopatula zina. Chimene musadzachite n'komwe ndi kuwadyetsa mwachinyengo n'kudzaulula pambuyo kuti "mwaona, simunafe." Anthu amachita zimenezi ngati nthabwala, koma wodyetsedwayo amaona kuti simunamuyese munthu, ndipo sadzadyanso m'nyumba mwanu ndi mtima umodzi.

Swala ndi zisanu pa tsiku: m'bandakucha, masana, chakumadzulo, dzuwa litangolowa, ndi usiku. Iliyonse imatenga mphindi zochepa chabe. Chimene akufuna kwa inu ndi madzi osamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, malo oyera, ndi kuti munthu asadutse kutsogolo kwawo pamene akuswali. Tsitsani wailesi, auzeni ana asaseke kapena kuwayerekeza. Mukatero simunaswali nawo; mwangochereza alendo. Inunso m'nyumba mwanu musasiye pemphero la pa chakudya kapena la madzulo chifukwa kwabwera Asilamu. Auzeni kuti tikupemphera, iwo akhala chete monga inu munakhalira chete kwawo. Koma pempherolo lisasanduke ulaliki wobisalira, loti "Ambuye, tsegulani maso a amene asochera" mng'ono wanu ali pomwepo mbale ili m'manja. Ngati muli ndi mawu oti mumuuze, muuzeni pamaso, osati kudzera kwa Mulungu iye akumva.

Mwezi wa Ramadan umakhala wa masiku 29 kapena 30, ndipo ofunga, ndiwo Asilamu osala kudya, sadya kapena kumwa, ngakhale madzi, kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa. Kalendala yawo imatsata mwezi, choncho Ramadan imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mukakonza mwambo wa banja nthawi imeneyo, chakudya chikhale cha madzulo. Pa moni, Asilamu ena sapereka dzanja kwa munthu amene si mwamuna kapena mkazi mnzawo. Alamu anu akangoika dzanja pachifuwa, musaone ngati akukunyansani. Dikirani iwo ayambe.

Za maliro mwaziona kale, koma ndifotokoze kuti ulendo wina musadzadabwe. Asilamu amaika mwamsanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena lotsatira. Thupi limasambitsidwa, n'kukulungidwa m'nsalu yoyera, ndipo swala ya maliro imachitika choimirira, popanda kuwerama kapena kugwetsa nkhope pansi. M'madera ambiri amayi sapita kumanda. Mlendo amaima kumbuyo kapena pambali. Musayambitse nyimbo kapena kubwera ndi nkhata musanafunse eni maliro. Ndipo popeza imfa sipangana tsiku, ndi bwino banja lanu likambirane pano, onse ali moyo, kuti mng'ono wanu akadzamwalira adzaikidwa mwa Chisilamu monga mwa chifuniro chake, ndiponso kuti makolo anu akadzamwalira iye adzakhalapo pa mwambo wachikhristu. Mikangano yoipitsitsa ya chipembedzo m'mabanja imabuka mtembo uli m'nyumba.

Pa ana ndiye pofunika kusamala koposa. Ana a mng'ono wanu musawatengere ku Sande sukulu, musawabatizitse, musawaphunzitse kuti bambo awo akupita kumoto, makolo awo asakudziwa. Mwina mtima ungakuuzeni kuti mukuwapulumutsa, koma dzifunseni mmene mungamvere mutapeza kuti ana anu atapita kutchuthi anawalowetsa madrasa mwakabisira. Mwana akakufunsani kuti bwanji inu mumapita kutchalitchi, muyankheni zoona mwachidule: ife timakhulupirira chakuti, amayi ako ndi abambo ako amakhulupirira chakuti, ukawafunse akufotokozere. Pangano lomwelo mulipemphe kwa iwo pa ana anu.

Kodi ndiye kuti musamuuzenso mng'ono wanu za Yesu? Ayi. Iye anakulira m'nyumba imodzi ndi inu, uthengawo akuudziwa, ndipo akudziwanso kuti mumalakalaka atabwerera. Muuzeni kamodzi momveka, muli awiri, kuti chisankho chake chinakupwetekani, kuti chikhulupiriro chanu sichinasinthe, ndiponso kuti khomo lanu silidzatsekeka. Kenako mufunseni chimene anapeza kumeneko, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Ambiri amalephera apa chifukwa amamvetsera akusakasaka vesi loti abweze. Akanena kuti nkhaniyi ithere pomwepo, ithere pomwepo. Mupitirize kumupempherera panokha. Mavidiyo onyoza Chisilamu amene amayenda pa WhatsApp musamutumizire, ndipo pa gulu la banja musawalole, monganso simungalole onyoza Baibulo. Mukafuna kudziwa chimene Asilamu amakhulupirira, funsani Msilamu wodziwa, osati mdani wawo. Chibale ndi fupa, sichiola, koma chimathyoka ndithu chikamapondedwa tsiku ndi tsiku.

Ulemu uli ndi polekezera, ndipo apa ndipo pofunika thandizo la ena. Palibe chipembedzo chimene chingakhale chophimbira nkhanza. Mukaona kuti mng'ono wanu akuletsedwa kulankhula nanu, walandidwa foni, akumenyedwa, kapena akunena kuti analowa chipembedzocho moopsezedwa, mupezeni payekha mumufunse mosamuweruza, ndipo ngati pali chiopsezo pitani kwa apolisi kapena kwa aboma oona za nkhanza za m'banja. Chimodzimodzi mwana akamakanizidwa chithandizo cha kuchipatala, sukulu, kapena akamakonzedwa kukwatiwa ali wamng'ono, kaya m'dzina la mzikiti, la tchalitchi kapena la mizimu ya makolo. Kalata yanu sikuonetsa chilichonse cha izi, ndipo musapite kukazisaka kumene kulibe.

Ngati mkangano wa m'banja ukukula, monga makolo kukana kulandira alamu anu, pezani mkhalapakati amene mbali zonse zimamukhulupirira. Nthawi zina zimathandiza kuti abusa anu ndi shehe wa kumzikiti kwawo akhale pansi limodzi ndi banja, bola onse awiri agwirizaniretu kuti abwera kudzayanjanitsa, osati kudzapikisana. Nkhani ikakhudza chuma chamasiye kapena kulera ana, funsani wodziwa malamulo a dziko lanu, chifukwa malamulo a ukwati wa anthu osiyana zipembedzo amasiyana dziko ndi dziko. Ndipo ngati mtima woti mwachimwa ukupitirira kwa milungu ingapo mpaka kukusowetsani tulo kapena kukuopsani kupemphera, kaonaneni ndi mlangizi wa za maganizo. Chikumbumtima chimathanso kudwala n'kumaimba munthu mlandu umene palibe.

Za mkulu wa mpingo uja, musakangane naye pakhomo la tchalitchi. Pemphani nthawi kwa abusa, mufotokoze ndendende zimene munachita ndi zimene simunachite pa maliropo, muwerenge nawo 1 Akorinto 5:9-10 ndi 10:27-28, ndipo mufunse ngati mpingo wanu uli ndi chiphunzitso cholembedwa pa nkhani yopita ku miyambo ya zipembedzo zina. Mipingo imasiyana, ina ndi yokhwimitsa kuposa ina, ndipo ndi bwino mudziwe ngati munamva lamulo la mpingo kapena maganizo a munthu mmodzi. Mukachoka kumeneko muimbireni mng'ono wanu. Pangopita mwezi umodzi chichitikireni maliro, opepesa anabalalika kale, ndipo apongozi ake aakazi, ngati alipo, akadali m'nyengo ya miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye wachisilamu amasunga. Funsani tsiku limene mungapite kukawaona.